Xpert Carba-R: Chipangizo Chofufuzira Majini a Mabakiteriya Osamva Mankhwala M'chipinda cha Odwala Mwakayakaya

Wodwala akafika m'chipinda cha odwala mwakayakaya kuchokera ku chipatala china, makamaka ngati anagonekedwa kumeneko kwa milungu ingapo ndipo wabayidwa kale mankhwala amitundumitundu, pamakhala funso limodzi limene dokotala sangaliyankhe pomuyang'ana, pomumvetsera pachifuwa kapena powerenga manambala a pa makina amene ali kumutu kwa bedi. Funsolo ndi lakuti, kodi m'matumbo mwa munthuyu muli mabakiteriya amene samva ngakhale mankhwala amphamvu kwambiri amene chipatala chimasungira nthawi imene ena onse alephera? Munthu akhoza kukhala ndi mabakiteriya oterewa kwa miyezi yambiri osadwala nawo, koma namwino amene wamusambitsa, kenako n'kukakonza kachubu ka wodwala wa pabedi loyandikana nalo, akhoza kuwasamutsa iye osadziwa kanthu. Kale yankho la funsoli tinkalidikira masiku awiri kapena atatu, chifukwa tinkayenera kumeretsa mabakiteriyawo m'mbale, kuwazindikira mtundu wake, kenako n'kuwayesa ndi mankhwala osiyanasiyana. Chipangizo cha Xpert Carba-R chimapereka yankho ola limodzi lisanathe, ndipo popeza ndachigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali mu labotale ya chipatala, ndikufuna kufotokoza zimene chimachita bwino komanso pamene nzeru zake zimathera.

Chipangizochi chimapangidwa ndi kampani ya Cepheid ya ku Sunnyvale, m'chigawo cha California ku America, ndipo chimagwira ntchito m'makina a GeneXpert, omwe aja anatchuka kwambiri poyeza chifuwa chachikulu kuyambira pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawavomereza mu 2010. Bungwe la FDA, lomwe limaona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza Carba-R mu 2016. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta kwenikweni. Namwino amatenga tizinthu kotulukira chimbudzi kwa wodwala pogwiritsa ntchito kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, ndipo ife a mu labotale timaviika kamtengoko m'kabotolo ka madzi amankhwala, n'kukakhutchumula kwa masekondi ochepa, kenako n'kuthira madziwo m'kabokosi kapulasitiki kamene timakatchula kuti katiriji. Kabokosiko kakalowa m'makina, zonse zotsala zimachitikira m'kati mwake: kuswa mabakiteriya, kutulutsa DNA yawo, ndi kuichulukitsa mwa njira ya PCR mpaka makinawo atatha kuona ngati chimene akufufuza chilipo. Pakatha mphindi pafupifupi 50, pa kompyuta pamatuluka mayina 5, ndipo pafupi ndi dzina lililonse pamalembedwa kuti lapezeka kapena silinapezeke. M'kabokosi kalikonse mulinso choyesera chakechake chotsimikizira kuti ntchitoyo yayenda bwino, choncho ngati china chalakwika makinawo amakana kupereka yankho m'malo mopereka yankho lonama.

Chimene ndimachiyamikira kwambiri pa chipangizochi si liwiro lake lokha ayi, koma nzeru ya amene anachikonza yosankha kufufuza jini m'malo mofufuza bakiteriya. Majini ndi malangizo olembedwa mu DNA amene amauza chamoyo zoyenera kupanga. Mankhwala a gulu la carbapenem, monga meropenem, imipenem ndi ertapenem, ndi amene madokotala amathawirako wodwala akakhala ndi matenda oopsa a m'magazi kapena chibayo chimene chakana mankhwala ena. Mabakiteriya ena ali ndi majini amene amawathandiza kupanga maenzaimu, omwe ndi mapuloteni amene amadula mankhwalawo asanagwire ntchito. Vuto lalikulu ndi lakuti majini amenewa nthawi zambiri sakhala pa DNA yaikulu ya bakiteriya, koma amakhala pa timphete ting'onoting'ono ta DNA totchedwa plasmid, timene bakiteriya akhoza kukopera n'kupatsa mnzake akangokhudzana. Mnzakeyo sayenera kukhala wa mtundu womwewo. Klebsiella pneumoniae akhoza kupatsa kampheteko Escherichia coli, ndipo ameneyu akhoza kukapatsa Enterobacter, zonsezi zikuchitikira m'matumbo a munthu mmodzi. Choncho labotale imene ikusakasaka Klebsiella yekha ikhoza kuphonya jini limene linasamukira kale kwina, pamene Carba-R imalipeza mosatengera kuti labisala mwa bakiteriya uti.

Mayina 5 amene amatuluka pa kompyuta aja ndi KPC, NDM, VIM, IMP ndi OXA-48, ndipo lililonse lili ndi mbiri yake imene imasonyeza mmene vutoli linafalikira padziko. KPC linapezeka mwa Klebsiella amene anatengedwa mwa wodwala wina ku North Carolina mu 1996, ndipo pasanapite zaka zambiri linali litafala m'zipatala za ku New York, Israel, Greece ndi Italy, makamaka kudzera mwa banja limodzi la Klebsiella lotchedwa ST258. VIM linatchedwa dzina la mzinda wa Verona ku Italy, kumene linapezeka mwa Pseudomonas aeruginosa mu 1997. IMP linadziwika koyamba ku Japan chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene OXA-48 linapezeka ku Istanbul m'dziko la Turkey mu 2001. NDM, limene lafala mwamsanga kwambiri, linafotokozedwa m'magazini ya sayansi mu 2009 litapezeka mwa munthu wina wa ku Sweden amene anali atagonekedwapo m'chipatala ku New Delhi. Majini 5 amenewa ndi amene amachititsa mbali yaikulu ya vuto la kusamva carbapenem mwa mabakiteriya a m'matumbo, moti kuwasankha kuti akhale m'kabokosi kamodzi kunali kuganiza bwino.

Kudziwa dzina la jini kumathandizanso dokotala amene akusankha mankhwala, ndipo mfundo imeneyi anthu ambiri amene amangoona chipangizochi ngati chopewera kufala kwa matenda saiganizira. Mankhwala a ceftazidime-avibactam, amene anavomerezedwa ku America mu 2015, amagonjetsa mabakiteriya ambiri okhala ndi KPC kapena OXA-48, koma sachita kanthu kwa amene ali ndi NDM, VIM kapena IMP, chifukwa maenzaimu a magulu atatuwa amadalira zinki podula mankhwala ndipo avibactam sawaletsa. Kumbali inayo, mankhwala ena otchedwa aztreonam sadulidwa ndi maenzaimu odalira zinkiwo, n'chifukwa chake madokotala amaphatikiza mankhwala awiriwa akakumana ndi NDM. Wodwala amene magazi ake akuthamanga motsika kwambiri chifukwa cha matenda a m'magazi sangadikire masiku atatu kuti adziwe gulu limene mdani wake alimo. Ndikaika bakiteriya amene wamera m'mbale m'kabokosi ka Carba-R n'kuimbira foni dokotala kuti ndi NDM osati KPC, ndimadziwa kuti ndamuchotsera tsiku lathunthu lopereka mankhwala odula amene sakanathandiza chilichonse.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake kuyeza anthu amene sakudwala n'kofunika, ndi bwino akumbukire zimene zinachitika mu 2011 ku chipatala cha kafukufuku cha National Institutes of Health ku Bethesda, m'chigawo cha Maryland. M'mwezi wa June chaka chimenecho, chipatalachi chinalandira wodwala wochokera ku New York amene ankadziwika kale kuti ali ndi Klebsiella wokhala ndi KPC. Anamuika payekha, ogwira ntchito ankavala magolovesi ndi zovala zodzitetezera, ndipo atatuluka m'chipatala zinkaoneka ngati palibe amene watenga. Patapita milungu itatu, wodwala wachiwiri anapezeka ndi bakiteriya wa mtundu womwewo, kenako ena anatsatira mpaka onse anakwana 18. Mwa amenewa 11 anamwalira, ndipo 6 mwa iwo anafa ndi matenda oyambitsidwa ndi Klebsiella yemweyo. M'milungu itatu imene kunali zii ija, bakiteriyayo ankayenda mwakachetechete kudzera mwa odwala amene anali naye m'thupi popanda chizindikiro chilichonse. Chipangizo chotha kupeza anthu oterewa tsiku lomwelo chimatseka mpata umene mliri wa mtundu umenewu umadutsira, ndipo pa ntchito imeneyi sindinaonepo china chosavuta kuposa Carba-R.

Koma nkhani ya ku Bethesda yomweyo ndi imene imasonyezanso malire oyamba a chipangizochi. Chimene chinathandiza akatswiri kumvetsa mliriwo sichinali kungodziwa kuti odwala onse ali ndi KPC, koma kuwerenga DNA yonse ya bakiteriya wa wodwala aliyense n'kuyerekezera tizilembo tochepa timene tinkasiyana. Mwa njira imeneyo, m'lipoti limene linatuluka mu 2012, anasonyeza kuti onse anachokera kwa wodwala woyamba uja, ndiponso kuti bakiteriyayo anachoka mwa iye maulendo angapo osiyana n'kutsata njira zimene palibe ankaziganizira poona ndondomeko ya mabedi ndi masiku. Carba-R singachite zimenezi. Odwala atatu m'chipinda chimodzi akapezeka ndi NDM m'sabata imodzi, chipangizochi chimangonena kuti onse atatu ali nalo, koma sichinganene ngati anapatsirana m'chipindamo kapena aliyense anabwera nalo kuchokera kumene anali. Kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'kwakukulu kwambiri, chifukwa choyambacho chimatanthauza kuti pali penapake pamene ukhondo wa m'chipindamo ukulephera ndipo mwina pafunika kusiya kaye kulandira odwala atsopano, pamene chachiwiricho chimangotanthauza kuti pakhomo polandirira odwala pafunika kusamala kwambiri.

Nkhaniyi imavutanso kuposa pamenepa, chifukwa ngakhale kuwerenga DNA yonse kumene kumafuna kusamala. Ofufuza a ku University of Virginia, motsogozedwa ndi Amy Mathers, anasonyeza kuti m'chipatala chawo jini la KPC linkayenda m'njira zitatu nthawi imodzi: bakiteriya ankachoka kwa wodwala kupita kwa wina, kamphete ka plasmid kankachoka mwa bakiteriya kupita mwa wa mtundu wina, ndipo kachidutswa ka DNA kotchedwa Tn4401, kamene kamanyamula jinilo, kankadumpha kuchoka pa kamphete kena kupita pa kena. Gulu lomweli linachitanso kafukufuku wa masinki, ndipo linaona kuti mabakiteriya okhala m'paipi yopindika ya pansi pa sinki akapeza chakudya amakula n'kumakwera pafupifupi masentimita 2.5 patsiku mpaka kufika pa sefa, pamene madzi a pampopi amawamwaza kunja. Zimenezi zikutanthauza kuti m'chipinda cha odwala mwakayakaya, gwero la jini likhoza kukhala sinki imene anamwino amasambirapo m'manja, ndipo kuyeza odwala okha, ngakhale tsiku lililonse, sikungaliulule. Chipangizo cha Carba-R chinakonzedwa kuti chiziyeza zochokera mwa anthu ndi mabakiteriya omera m'mbale, ndipo amene akufuna kutsata mliri mpaka ku gwero lake ayenera kusunga mabakiteriya enieniwo mufiriji kuti DNA yawo ikawerengedwe ndi makina ena, monga a Illumina kapena a Oxford Nanopore. Makina a Oxford Nanopore ndi amene amawerenga zidutswa zitalizitali moti kamphete konse kamaoneka bwinobwino.

Malire achiwiri ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa amakhudza mmene anthu amamvera mawu akuti silinapezeke. Mawuwa amatanthauza kuti majini 5 aja sanapezeke, basi. Satanthauza kuti wodwalayo alibe bakiteriya wosamva carbapenem. Acinetobacter baumannii, amene WHO inamuika m'gulu la mabakiteriya oopsa kwambiri pa mndandanda wake wa 2017 ndiponso wa 2024, ndipo amavutitsa kwambiri odwala amene ali pa makina othandiza kupuma, nthawi zambiri amadalira majini ena monga OXA-23, OXA-24 ndi OXA-58. Ngakhale mayinawa akufanana ndi OXA-48, chipangizochi sichiwafufuza, ndipo kampani imene imachipanga sinanenepo kuti chimatero. Pseudomonas aeruginosa nayenso kawirikawiri amakana mankhwala popanda enzaimu yodula carbapenem, pongotseka kabowo kotchedwa OprD kamene mankhwala amalowera kapena powapopera kunja akangolowa. Klebsiella akhoza kuchita zofananazo akataya timabowo take n'kukhalanso ndi maenzaimu wamba ambiri. Palinso majini osowa monga GES, IMI ndi SME amene sali m'kabokosimu, komanso mitundu ina ya IMP imene siigwidwa. Dokotala wotopa amene waona mizere 5 yonena kuti silinapezeke akhoza kumasula wodwala amene anayenera kukhalabe payekha, ndipo ine ndimaona kuti labotale iliyonse iyenera kulemba pansi pa yankho lililonse mawu osonyeza zimene sizinafufuzidwe.

M'pofunika kunena kuti majiniwa amasintha, ndipo chipangizo chilichonse chodalira PCR chimatha kuona zokhazo zimene anachiphunzitsa. Kabokosi koyamba ka Carba-R kankaphonya OXA-181 ndi OXA-232, omwe ndi abale a OXA-48, ndipo kampaniyo inakonza kabokosi katsopano kamene kamawagwira. Kumeneku kunali kuchita bwino, koma kukusonyezanso kuti labotale siyenera kusiyiratu kumeretsa mabakiteriya ndi kuwayesa ndi mankhwala, chifukwa njira yakaleyo ndi imene imaulula jini latsopano limene palibe akulifufuza. Pa majini okana mankhwala a magulu ena chipangizochi sichinena kanthu. Jini la mcr-1, mwachitsanzo, limene linalengezedwa ku China mu 2015 ndipo limachititsa kuti mabakiteriya asamve mankhwala a colistin, silikhudzana nacho n'komwe.

Pali zina zing'onozing'ono zimene munthu amaziphunzira akamagwira ntchito. Yankho lochokera pa kamtengo ka thonje silitchula mtundu wa bakiteriya amene wanyamula jinilo, ndipo nthawi zina PCR imapeza jini koma m'mbale osamera kanthu, mwina chifukwa mabakiteriyawo ndi ochepa kwambiri kapena afa kale ndi mankhwala amene wodwala akulandira. Zikatero pamakhala kukambirana kovuta ndi anamwino, amene ali ndi zipinda zochepa zoikamo odwala paokha ndipo akufuna kudziwa ngati wodwalayo akufunikiradi chimodzi mwa zipindazo. Wodwala amene wangotenga kumene bakiteriya akhozanso kupezeka alibe tsiku loyamba n'kudzapezeka naye patapita masiku angapo, choncho kuyeza kamodzi kokha polowa sikokwanira kwa munthu amene akhale m'chipindamo nthawi yaitali. Kayezedwe konseka kamadaliranso kuti kamtengoko katengedwe bwino, ndipo namwino amene wachita manyazi kapena changu n'kungokhudza pakhungu amabweretsa chinthu chimene makina aliwonse sangapezemo kanthu.

Makina enieniwo ndi olimba ndipo savuta kuwaphunzira, moti munthu watsopano mu labotale amatha kuwagwiritsa ntchito bwino pa tsiku limodzi. Amafuna magetsi osadukiza, chifukwa magetsi akathima ntchito ili m'kati kabokosiko katayika, ndipo amafuna chipinda chimene kutentha kwake sikupitirira madigiri 30. Timabokosi timasungidwa pa madigiri 2 mpaka 28 ndipo tili ndi tsiku lothera ntchito, zimene zimafuna kuti woitanitsa katundu awerengere bwino. Kabokosi kalikonse kamagwira ntchito kamodzi kwa wodwala mmodzi, ndipo makina a timakomo 4 amayeza anthu 4 okha pa nthawi imodzi. Zimenezi n'zokwanira pa odwala ochepa amene akulowa tsiku ndi tsiku, koma mliri ukabuka n'kufunika kuyeza chipinda chonse pamodzi ndi onse amene anatulukamo posachedwa, mzere umatalika ndipo ndalama zimapita mofulumira kuposa mmene zikanapitira pogwiritsa ntchito mbale zomeretsera mabakiteriya zimene zimawaonetsa posintha mtundu, zomwe zimapereka yankho tsiku lotsatira. Kwa bakiteriya amene wamera kale m'mbale, palinso kachipangizo ka NG-Test CARBA 5 ka kampani ya NG Biotech ya ku France, kamene kamaoneka ngati koyezera mimba, kamafufuza maenzaimu a magulu 5 omwewo ndipo kamayankha pa mphindi 15 popanda magetsi. Pa ntchito imeneyo ine ndimakonda kachipangizoka, ndipo Carba-R ndimaisungira pamene mphamvu yake yeniyeni ili, pomwe ndi poyeza wodwala mwachindunji mbale isanamere.

Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa mwachindunji chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo Klebsiella, Acinetobacter ndi Pseudomonas anali m'gulu la mabakiteriya 6 amene anapha anthu ambiri. Chiwerengero chotere chimachititsa akuluakulu a zipatala kufuna kugula chipangizo mwamsanga, koma ndikanakonda atayamba aona zimene dziko la Israel linachita. Mliri wa KPC utafalikira m'zipatala zake zambiri mu 2006, boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse mu 2007 yolamula kuti onse opezeka ndi bakiteriyayo aziikidwa pamalo awoawo, azisamalidwa ndi anamwino awoawo amene sakhudza odwala ena, ndipo chipatala chilichonse chizipereka lipoti tsiku ndi tsiku. Chiwerengero cha otenga matendawo chinatsika kwambiri, ndipo zonsezi zinachitika Carba-R isanapangidwe. Yankho la pa mphindi 50 lili ndi phindu pokhapokha ngati pali chipinda choti wodwalayo apitemo, namwino woti amusamale yekha, ndi munthu amene alandire foni ya ku labotale pakati pa usiku n'kuchitapo kanthu.

Kwa chipatala chimene chili kale ndi makina a GeneXpert, chimalandira odwala ambiri ochokera m'zipatala zina, ndipo chili ndi njira yowapatulira, ndikulangiza ndi mtima wonse kuti chigule timabokosi ta Carba-R n'kumayezera odwala amene ali pachiopsezo chachikulu pa tsiku lolowa: ochokera ku zipinda zina za odwala mwakayakaya, amene anagonekedwapo kunja kwa dziko lawo, ndi amene anagona pafupi ndi munthu wodziwika kuti ali ndi bakiteriya wotere. Kamtengo kalikonse kamene kasonyeza jini kazitsatiridwa ndi mbale, ndipo bakiteriya amene wamera azisungidwa ndi dzina la chipinda, nambala ya bedi ndi tsiku, kuti wodwala wachitatu akadzapezeka padzakhale choyerekezera. Kwa chipatala chimene vuto lake lalikulu ndi Acinetobacter wa pa makina othandiza kupuma, chipangizochi sichiyankha funso limene chipatalacho chili nalo, ndipo ndalamazo zingagwire ntchito yabwino zitagulira mbale zomeretsera, mankhwala opukutira makina ndi mabedi, komanso kulipira wogwira ntchito mmodzi woyang'anira kusamba m'manja m'chipindamo.